Mapiko angati pa pulopela ya airboat ya injini ya Lycoming

Achimwene, mwanena kuti airboat yanu, boti lija lokankhidwa ndi pulopela yozungulira mumpweya kumbuyo kwake, ndi ya aluminiyamu, yotalika mafiti 14, injini yake ndi ya ndege, ya mtundu wa Lycoming O-540, yomwe imazunguza pulopela mwachindunji popanda giya, ndipo pulopela yathabwa ya mapiko awiri yomwe ilipo yayamba kung'aluka kunsonga. Mukufunsa ngati mungagule ya mapiko anayi ngati zomwe mumaona pa maboti onyamula alendo ku Everglades, madambo a ku Florida ku America. Ine ndikuti ayi. Gulani ya mapiko awiri otambalala, ya carbon fiber, yoti mapiko ake muzitha kuwapendeketsa nokha. Atatu angathekenso, koma anayi pa injini imeneyo mungotaya ndalama.

Choyamba, yong'alukayo musailizirenso injini ngakhale kamodzi. Phiko likathothoka pa liwiro lonse, kunjenjemera kwake kumatha kuzula injini pamalo pake, inu mutakhala pafupi pomwepo.

Kuchuluka kwa mapiko sikuwonjezera mphamvu. Mphamvu ili mu injini, ndipo ntchito ya mapiko ndi kuilandira n'kukankha nayo mphepo. Mitundu yodziwika ya O-540 imatulutsa ma horsepower 235 mpaka 260, ndipo ya 260 imafika pamenepo ikamazungulira 2,700 rpm, kutanthauza ka 2,700 pa mphindi imodzi. Mukaiveka mapiko anayi otambalala, ilemedwa n'kulephera kufika pa rpm imeneyo, ngati munthu wokwera chitunda pa njinga ali pa giya yolemera. Kuti ipepukidwe, mudzakakamizika kuchepetsa kupendeka kwa mapikowo mpaka phiko lililonse lizingogwira mphepo pang'ono, chikhalirecho onse anayi akudya mphamvu pong'amba mpweya. Kuwonjezera apo, mapiko akathithikana, lililonse limadutsa mu mpweya wovundulidwa kale ndi linzake lapatsogolo.

Nanga maboti a alendo aja ali ndi mapiko ambiri bwanji? Ambiri mwa iwo amayendera injini zikuluzikulu za galimoto za V8, zamphamvu yoposa yanuyo kutali, ndipo amanyamula anthu ochuluka. Mphamvu ikachuluka, njira yabwino ikanakhala kutalikitsa mapiko, koma pali zinthu ziwiri zoletsa. China ndi khola lazitsulo lotchinga pulopela, lomwe silingakule kuposa boti. Chinacho ndi liwiro la nsonga ya phiko, ndipo apa mpofunika kuwerengera bwino. Pulopela ya mainchesi 72 ikamazungulira 2,700 rpm, nsonga yake imathamanga makilomita pafupifupi 930 pa ola. Ya mainchesi 80 pa rpm yomweyo imapitirira 1,030. Liwiro la phokoso mu mpweya ndi pafupifupi 1,235, ndipo nsonga ikamayandikira pamenepo, mphamvu yambiri imathera m'kulira kogonthetsa m'khutu kuja m'malo mokankha boti. N'chifukwa chake a injini za galimoto amaika lamba kapena giya yochepetsa liwiro. Injini ikakhala pa 5,000 rpm ndi giya ya 2.3:1, pulopela imangozungulira pafupifupi 2,170 rpm, ndipo nsonga ya mainchesi 80 imakhala pa makilomita 830 okha. Pulopela yozungulira pang'onopang'ono chonchi, pa injini yamphamvu chotero, imafuna mapiko ambiri ndiponso otambalala kuti mphamvu yonseyo ipeze pogwira. Vuto lawolo inu mulibe. Yanu imazungulira mofulumira kale, ndipo mapiko awiri akwanira kulandira zonse zomwe injini ingapereke.

Ubwino wina wa awiri muumva kuphazi. Pulopela yopepuka imayankha msanga mukaponda moto. Airboat ilibe mabuleki, ndipo chiwongolero chake chimagwira pokhapokha mphepo ikuomba pa icho, ndiye pokhota mwadzidzidzi pakati pa udzu kapena pofuna kutuluka m'matope, kuyankha msangako ndi nkhani ya moyo. Ine zimenezi ndimaziika patsogolo kuposa maonekedwe a boti.

Atatu ndingawavomereze ngati mumayenda maulendo ataliatali ndi banja, chifukwa amanjenjemera mochepa ndipo kalilidwe kawo n'kosalala. Angathandizenso ngati khola lanu ndi laling'ono moti pulopela ya mainchesi 72 siingalowe bwino, popeza phiko lachitatu limabwezera zomwe mwataya pofupikitsa. Koma akhale opyapyala m'lifupi, osati otambalala ngati a awiri aja, ndipo dziwani kuti mtengo ukwera, kulemera kumbuyo kwa boti kukweranso.

Musanaitanitse chilichonse, yezani khola lanu mkati mwake, ndipo muone danga lomwe litsale pakati pa nsonga ya phiko ndi zitsulo komanso pansi pa boti. Kenako imbirani opanga okha. A Sensenich ali ku Plant City, ku Florida komweko, ndipo kulinso a WhirlWind ndi a Water Walker. Auzeni mtundu weniweni wa injini, kuti ilibe giya, mbali yomwe imazungulira, kulemera kwa boti muli anthu ndi mafuta, ndiponso ngati mumayenda kwambiri pamadzi akuya kapena pouma. Zimenezi ndi zomwe zimasankha m'lifupi mwa phiko. Pemphani mapiko okhala ndi chitsulo cha nickel kutsogolo kwake, chifukwa madzi othovuka ndi mchenga zimadya phiko msanga kuposa momwe anthu amaganizira.

Ikafika, ntchito yaikulu ndi kupendeketsa mapiko. Yambani ndi madigiri omwe opangawo alemba, ndipo mapiko onse akhale ofanana ndendende poyeza ndi chida choyezera kupendeka, osati ndi maso. Mangani boti molimba, pasakhale munthu kapena katundu kumbuyo, tenthetsani injini, pondani moto mpaka pansi kwa kanthawi kochepa mukuyang'ana geji ya rpm. Ikapitirira malire a injini yanu, onjezerani kupendeka pang'ono. Ikatsalira kutali, chepetsani. Sinthani digiri imodzi kapena theka basi nthawi iliyonse, injini itazimitsidwa ndipo ma magneto onse awiri (zida zopereka moto ku mapulagi) atatsekedwa, chifukwa injini ya ndege imatha kulira yokha munthu akangotembenuza pulopela ndi dzanja. Siyani kampata kochepa pansi pa malirewo, poti boti likamathamanga pamadzi rpm imakwerako. Mabawuti amangeni ndi sipanala yoyeza mphamvu monga mwa pepala la opanga, ndipo muwaonenso mukabwerako ulendo woyamba.