Lendi pa esiteti ya ku Chulu: musapereke ndalama ya miyezi 6 musanaone mapepala a malowo

Mayi wina amene akupuma pa ntchito yauphunzitsi ku Lilongwe wapeza nyumba ya njerwa zootcha, yofolera udzu, pa esiteti yakale ya fodya m'dera la Mfumu Yaikulu Chulu ku Kasungu. Magetsi a ESCOM kulibe, madzi ndi a pa mjigo, chimbudzi n'chokumba. Amene akuyang'anira malowo ndi mwana wa malemu mwini esiteti. Akufuna K60,000 pamwezi, ya miyezi 6 iperekedwe kamodzi, ndipo wawauza kuti angathe kulima maekala 2 kuseri kwa chigafa. Zolemberana akuti n'zosafunika poti kuno n'kumudzi. Mayiwa akufunsa ngati angalowe m'nyumbamo motero, komanso ngati sola imene akufuna kuika idzakhale yawobe.

Mayi, ndalamayo igwireni kaye. Choyamba kudziwa n'chakuti mnyamatayo ali ndi mphamvu yanji pa malowo, chifukwa pa lamulo munthu sangakupatseni chimene iye mwini alibe.

Esiteti zambiri za ku Kasungu ndi Mchinji si malo a mfumu ayi. Ndi malo amene boma linabwereketsa pa lizi, nthawi zambiri ya zaka 21, makamaka m'zaka za m'ma 1980 pamene anthu ankathamangira fodya wa bale. Werengani nokha: lizi yoyamba mu 1988 inatha mu 2009 ngati sanakaiwonjezere. Pemphani kope la liziyo muone zinthu zitatu: dzina la mwini wake, tsiku lothera, ndi mfundo yonena za kubwereketsanso malowo kwa munthu wina. Malizi a boma kawirikawiri amaletsa kutero popanda chilolezo cholembedwa cha nduna ya za malo. Akanena kuti mapepala anatayika kapena anadyedwa ndi chiswe, tengani dzina la esiteti ndi la malemuwo mukafufuze ku ofesi ya za malo ku Lilongwe. Pamakhala kandalama kolipira, koma n'kochepa poyerekeza ndi K360,000 imene akufunayo.

Kukhala mwana wa malemu pakokha sikupatsa munthu mphamvu yochititsa lendi. Pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011, woyendetsa chumacho ndi amene anatchulidwa mu wilu kapena amene khothi linamupatsa kalata yomuika pa udindowo. Funsani kalatayo. Ngati palibe, chocheperapo n'chakuti amayi ake ngati ali moyo, pamodzi ndi ana onse akuluakulu, asainire mgwirizano wanu. Mukapanda kutero, tsiku lina adzatulukira mlongo wake kuchokera ku Joni n'kunena kuti sakukudziwani, ndipo ndalama imene munapereka mudzayamba kuilondola kwa munthu amene anaidya kalekale.

Mukapeza kuti malowo ndi a makolo, nkhani ipita kwina. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo amene wapampando wake ndi gulupu, ndi mabwalo apadera oweruza mikangano ya malo a makolo. Pamenepo pitani kwa nyakwawa pamodzi ndi wokubwerekaniyo ndi mwini mbumba, mfumu idinde pa pepala lanu. Ngakhale pa esiteti ya lizi, kukadziwonetsa kwa mfumu ya mudzi woyandikana nawo n'kwanzeru. Lamulo silikukakamizani, koma mbuzi zikadzalowa m'munda mwanu mlandu wake udzayambira kumeneko.

Tsopano za kulemberana. Mgwirizano wa pakamwa ndi mgwirizano ndithu, khothi limauzindikira. Vuto lake ndi umboni, ndiponso ichi: ngati simunagwirizane kuti mukhala mpaka liti ndipo lendi imawerengedwa pamwezi, aliyense wa inu angathe kuthetsa ndi notisi ya mwezi umodzi. M'tauni zimenezo n'zopiririka, mumangofuna lole. Pa famu ayi. Mukalowa mu Seputembala, miyezi 6 yanu ikutha mu Febuluwale, chimanga chikumasula ngayaye, feteleza mwathira kawiri. Notisi ikabwera nthawi imeneyo, chimangacho mukolola bwanji? Choncho lembani nthawi yake ndi manambala, mwachitsanzo kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 31 Ogasiti chaka chotsatira, ndipo onjezerani kuti mgwirizano ukatha pa chifukwa chilichonse mbewu zili m'munda, muli ndi ufulu wolowa kudzazisamalira ndi kukolola. Maekala 2 aja ayesedwe, malire ake atchulidwe ndi zinthu zosasuntha: chulu, mtengo wa mango, ngodya ya chigafa. Nthawi ikakhala yolembedwa, sangakweze lendi pakati pa chaka pokhapokha mutalola m'pepalamo. Yambani ndi chaka chimodzi. Mgwirizano wopitirira zaka 3 umafunika kukaulembetsa ku ofesi ya za malo, ndipo si bwino kudzimangirira chotero musanaone dzinja la kumaloko.

Madzi ndi amene amayambanitsa anthu kwambiri pa malo ngati awa. Mjigowo ndi wa esiteti kapena ndi wa mudzi wokhala ndi komiti yake? Ngati ndi wa mudzi, mwini nyumba sangakulonjezeni madzi ake, mudzasonkha pamwezi ngati wina aliyense. Ngati ndi wa esiteti, lembani amene adzagule zipangizo ukawonongeka. Timalabala ta mkati timatha kawirikawiri ndipo n'totsika mtengo, mungavomere kugula nokha, koma mapaipi akang'ambika kapena ndodo zikaduka n'kugwera pansi ndi ndalama yambiri, imeneyo ikhale ya mwini malo. Muikemo kuti mjigo ukafa kupitirira masiku 14 muli ndi ufulu woukonzetsa n'kuchotsa ndalamayo pa lendi mutaonetsa malisiti. Popanda mfundo imeneyo, kudula lendi panokha kumakusandutsani inu wangongole. Funsaninso anthu a pafupi, osati mwini wake, ngati mjigowo umatulutsa madzi mu Okutobala ndi Novembala. Ndipo yesani ndi mapazi kuchokera pa chimbudzi kukafika pa mjigo: azaumoyo amafuna mamita osachepera 30.

Za sola, nkhawa yanu ndi yoona. Lamulo limati chimene chamangiriridwa ku nyumba kapena ku nthaka mokhazikika chimasanduka mbali ya malowo. Batire ndi inivata zongoikidwa pansi palibe angazikanganire, koma mapanelo oikidwa pa chitsulo chothiridwa simenti, mawaya olowa m'khoma, thanki ya pa nsanja, zimenezo mwini malo angathe kunena kuti n'zake. Mzere umodzi umathetsa zonsezi: zipangizo za sola zolembedwa m'munsimu ndi za wochita lendi ndipo adzazichotsa pochoka, n'kukonza pamene pawonongeka. Lembani nambala ya panelo iliyonse, sungani malisiti. Ngati mwapeza sola ya eni ake, yesani batire usiku musanasaine. Mabatire a asidi amafooka akamatsitsidwa mpaka kutheratu, ndipo mukalandira lakufa kale, pochoka adzati mwapha ndinu. Chimodzimodzi khola, nkhokwe kapena khitchini imene mungamange: nenani pachiyambi ngati mudzaphwasule kapena adzakubwezerani ndalama.

Denga la udzu limafuna kufoleranso. Tchulani amene adzamwete kapena kugula udzu ndi pepala la pulasitiki, ndi mwezi wake, mvula isanayambe. Tchulaninso amene adzalambule kuzungulira nyumba, chifukwa kuyambira Ogasiti anyamata osaka mbewa amayatsa tchire, ndipo nyumba ikapsa funso la khothi lidzakhala lakuti ananyozera ndani.

Nkhuni musangoganiza kuti poti mitengo ili pomwepo ndi yanu. Mitengo ya pa esiteti ndi ya mwini lizi. Lembani kuti mukuloledwa kutola zouma, kapena kudula mitengo ingati ya bulugamu pachaka. Makala musayerekeze: lamulo la za nkhalango, limene analikhwimitsa mu 2020, limafuna laisensi ndipo zilango zake n'zowawa. Ku Chulu muli pafupi ndi Kasungu National Park. Kulowa m'pakimo kukatola nkhuni ndi mlandu, kutchera misampha ndi mlandu woposa. Kumbukiraninso kuti mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo midzi ya m'malire yakhala ikudandaula za minda yowonongeka. Njovu zikadya chimanga chanu mwini esiteti alibe mlandu, koma ng'ombe zake zikatero ayenera kulipira.

Chenjezo lina. Mwina adzakuuzani kuti musamalipire ndalama, muzingoyang'anira antchito kapena muzilima fodya n'kugulitsa kwa iye. Kumeneko si lendi, ndi ntchito. Dongosolo la matenanti a fodya linathetsedwa pamene anasintha lamulo la Employment Act mu 2021, ndipo wogwira ntchito amayenera malipiro a ndalama osatsika pa mlingo wa boma. Komanso nyumba yobwera ndi ntchito imapita ndi ntchitoyo. Ngati mudzafune kumuthandiza, zikhale pa pepala lina.

Polipira, ndingakulangizeni kupereka miyezi 3 osati 6, ndipo dipoziti ilembedwe padera ndi tsiku lobwezera. Tumizani pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki, ku nambala yolembedwa mu mgwirizano. Lamulo la 2016 la zochitika pa makina limalola mauthenga oterewa kukhala umboni. Komabe lisiti yosainidwa muzitenga. Tsiku lolowa jambulani chipinda chilichonse, ming'alu, zitseko, denga, mboni ziwiri zilipo, mmodzi wa mbali yanu. Lembani manambala a ziphaso za unzika za onse osainira, aliyense atenge kope lake.

Zikadzavuta, dziwani kuti mwini nyumba saloledwa kudziweruzira yekha. Kusasula denga, kuchotsa chitseko, kumanga mjigo ndi tcheni kapena kutaya katundu wanu panja si njira za lamulo ngakhale muli ndi ngongole ya lendi. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza nyumba yanu ndi katundu wanu, ndipo nyumba ya lendi ndi nyumba yanu pa nthawi imene mukukhalamo. Wofuna kukutulutsani apereke notisi yoyenera, mukakana apite kukhothi, ndipo ogwira katundu chifukwa cha ngongole ndi asherifu, osati kapitawo wa pa esiteti. Akachita zachiwawa, jambulani, kanenani ku polisi, kenaka pemphani khothi chiletso ndi chipukuta misozi.

Inu mukakhala olakwiridwa, monga pa dipoziti yosabwezedwa, yambani ndi kalata yotchula ndalamayo ndi kupereka masiku 14, musunge kope. Ikapanda kuyankhidwa pitani kwa kalaliki wa bwalo la majisitireti ku Kasungu mukatenge samani, mutanyamula mgwirizano, malisiti ndi zithunzi. Majisitireti amaweruza za ndalama ndi za lendi malinga ndi kukula kwa ndalamayo, koma saweruza mkangano wa umwini wa malo a lizi. Ana a malemu akayamba kulimbirana esiteti, umenewo ndi mlandu wa ku High Court, ndipo inu musalowererepo, muzingosunga umboni wa amene mukumulipira. Ngati loya simungamukwanitse, a Legal Aid Bureau amathandiza anthu ochepekedwa. Mlandu wa mgwirizano ngati uwu uyenera kufika kukhothi zisanathe zaka 6 kuchokera tsiku limene munalakwiridwa.