Musagule mababu, achimwene, yambani ndi waya woyera

Achimwene, zomwe mwanenazo, kuti mukayatsa indiketa ya kumanzere mu motorhome, galimoto yanu yaikulu yokhala ndi pogona ija, magetsi onse akumbuyo kwa kagalimoto mukukokako akuphethira limodzi mozimirira, ndipo mukaponda buleki akuthimiratu, ameneyo ndi earth, waya woyera amene magetsi amabwererapo. Mababu asiyeni kaye. Magetsi akasowa njira yake yobwerera amadzipezera ina, amadutsira mu babu la pafupi, ndiye lililonse limayaka pang'onopang'ono.

Choopsa chake n'chakuti pabwalo panyumba zonse zimatha kuoneka bwino. Chitsulo chokokera kagalimoto, cha A-frame, chikakhudzana ndi mpira wachitsulo wokolekapo wa kumbuyo kwa motorhome, wa towbar, chimagwira ntchito ya earth mwangozi, inu n'kumati zatheka. Mukalowa msewu waukulu wa M6 kuno ku UK usiku kukugwa mvula, mpira uja uli ndi girizi, ukugwedezeka, earth ija imabwera n'kuchoka. Mwaponda buleki chifukwa kutsogolo aima, kumbuyo kwanu kuli bii, woyendetsa thiraki akuona mdima wokhawokha pomwe pali galimoto ya tani yathunthu. Inu simukudziwa kalikonse chifukwa kagalimotoko sikaoneka n'komwe pagalasi la m'mbali. Mumamva hutala basi, kenako matayala kulira pa tara. Zonsezi chifukwa cha waya umodzi womwe wina anaumangira pa penti.

Ndipo amene amandipsetsa mtima ndi omangirira ma A-frame ena aja. Amalandira ndalama zambirimbiri, koma mukatsegula kapeti wa m'buti mupeza tizolumikizira tapulasitiki tabuluu tija toluma waya, ma Scotchlok, atatipanikiza ndi pulayala n'kukulunga tepi. Timeneti timadula tinsinga ta mkati mwa waya, madzi amchere a m'misewu ya kuno nthawi yachisanu akalowa, pakatha chaka pamakhala pobiriwira ngati ndere. Earth amaimanga pa sikuluwu iliyonse yomwe aiona pafupi, osapala n'komwe penti. Mukabwererako amakuuzani kuti vuto ndi motorhome yanu. Kuba kumeneko.

Yesani motere, ndipo musadumphe. Yambani ndi soketi ya motorhome yokha, galimoto musanailumikize. Ngati ndi ya mapini 7, yotchedwa 12N, pini 1 ndi waya wayelo, indiketa ya kumanzere. 2 wabuluu, getsi la chifunga. 3 woyera, earth. 4 wagirini, indiketa ya kumanja. 5 wabulauni, getsi lakumbuyo la kumanja. 6 wofiira, mabuleki. 7 wakuda, getsi lakumbuyo la kumanzere ndi la nambala. Ya mapini 13 imatsata zomwezo mpaka pa 7, kenako 8 ndi rivesi, 9 ndi magetsi osathima ochokera ku batire, ndipo 13 ndi earth ya pini 9. Manambala alembedwa kuseri kwa soketi, werengani amenewo, musakhulupirire mtundu wa waya wokha poti wina anatha kusokoneza kale.

Multimeter, mita yoyezera magetsi ija, payokha imanama. Imakuonetsani 12V ngakhale patatsala kansinga kamodzi kokha kogwira, chifukwa siikoka mphamvu. Tengani babu la 21W, liwotchereni mawaya awiri, mbali ina pa pini 3, ina pa pini yomwe mukuyesa, mnzanu aziyatsa chimodzichimodzi. Babu limenelo limakoka pafupifupi 1.75A, ndiye malo ofooka amaonekera pompo. Likayaka mofiirira, chotsani waya wa pa pini 3 muugunditse pa chitsulo choyera cha chesisi. Likawala bwino, mwaupeza mlandu, ndi earth ya motorhome.

Soketi ikakhala bwino, yesani chingwe cholumikizira motorhome ndi kagalimoto pachokha, pini ndi pini, mukuchipinda pafupi ndi pulagi, pamenepo ndi pomwe chimathyokera mkati. Mapini a 12N ali ndi kamng'alu pakati, atakanuleni pang'ono ndi nsonga ya mpeni kuti azigwira zolimba, palani dzimbiri, pakani girizi wa magetsi.

Tsopano lumikizani chingwe ku kagalimoto koma A-frame musaikoleke pa mpira, ikhale pansi pa thabwa. Apa ndi pomwe chinyengo chija chimaululika. Yatsani magetsi akumbuyo, pondani buleki, yatsani mahazadi, zonse nthawi imodzi. Ikani multimeter pakati pa chitsulo cha motorhome ndi chitsulo cha kagalimoto. Ikamawerenga kupitirira theka la volti, earth ndi yofooka. Kokani waya woyera watsopano wa 2.5mm² kuchokera pa pini 3 mpaka pa bawuti ya bodi ya kagalimoto, palani penti mpaka chitsulo chiwale, ikani ring terminal, kamphete ka kumapeto kwa waya, yopanidwa bwino ndi washa wa mano, mukamanga mupake girizi pamwamba.

Kenako ma diode, tizida tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha. Pa waya aliyense amene motorhome ikudyetsa babu la kagalimoto payenera kukhala diode kapena relay, switchi yoyendetsedwa ndi magetsi, kuti magetsi asabwerere chakutsogolo kukalowa mu kompyuta ya galimotoyo. Kuyesa kwake n'kosavuta: kiyi wa kagalimoto ali kunja, pondani buleki mu motorhome, wina ayang'ane dashibodi ya kagalimoto ndi magetsi ake akutsogolo. Chikayaka chilichonse kumeneko, diode palibe, kapena yapsa, kapena anaitembenuza. Chitaninso mobweza, pondani buleki wa kagalimoto muone ngati pini 6 ikubwera ndi magetsi, siyenera kutero. Diode imadya pafupifupi 0.7V, choncho kuzimirira pang'ono si vuto, koma osati kufiirira.

Fyuzi ikamapsa mukangolumikiza, musaike yaikulu. Fufuzani pomwe waya wakhuzika pa chitsulo, makamaka pomwe akudutsa pabowo popanda labala, ndi pafupi ndi ekizozi. Komanso indiketa ya motorhome ikayamba kuphethira mothamanga kapena dashibodi ikamadandaula za babu, mwina soketi ya towbar anailumikiza mwachindunji popanda bypass relay kapena module yake yotetezera kompyuta, ndipo kulumikiza kotere ma motorhome a Fiat Ducato atsopanowa sakufuna.

Kumbukiraninso kuti kuno ku UK galimoto ya pa A-frame imatengedwa ngati thirela: kumbuyo kwake kuoneke nambala ya motorhome, ndipo mabuleki ake ayenera kugwira.

Koma achimwene, ngati kagalimotoko ndi katsopano ka magetsi a LED, musadule waya ngakhale umodzi. Kapititseni kwa wa magetsi a galimoto wodziwa ntchito, muimirire pomwepo akulumikiza, akuonetseni pomwe wamanga earth. Ndipo ngati ulendo ndi wa Loweruka lino, gulani lighting board ya thirela, thabwa la magetsi akumbuyo, yokhala ndi chingwe chachitali, muimange kumbuyo kwa kagalimoto, chingwe muchimange bwino chisakwekwerezeke pansi, muilumikize molunjika ku soketi ya motorhome, mawaya a m'galimotomo mudzawaone mutabwerako.