Njinga ikutsamwa mukaipatsa moto? Musathamangire kugula kabureta

Wowerenga wina wa kabaza ku Lunzu wandilembera kuti njinga yake ya 150cc imalira bwinobwino ikangoima, koma akaipatsa moto pachitunda imatsamwa, kudukiza, mwina mpaka kuzima. Makaniko anamuikira kale kabureta yatsopano, inayenda bwino pang'ono, vuto labwerera. Agulenso ina?

Ayi achimwene, sungani ndalama zanu. Kabureta sigundika kufa chisawawa. Mulibe zamagetsi m'menemo, muli timabowo todutsa mafuta (majeti), singano ndi float (kachoyandama koyeza mafuta m'kambale) basi. Ngati yatsopano yayamba kuchita zomwe inkachita yakale, ndiye kuti chikuidwalitsa chikuchokera kumtunda, kuthanki. Ndipo ndinene mosabisa: makaniko amene amasintha kabureta asanatsitse mafuta a m'kambale kake n'kuwayang'ana, ameneyo ndi wogulitsa masipeya chabe.

Yambani apa. Tsekani kampopi ka mafuta, tengani botolo loonekera mkati louma bwino, masulani kasikuluu ka pansi pa kambale ka kabureta, mafuta agwere m'botolomo. Dikirani mphindi ziwiri. Madzi amalemera kuposa petulo, choncho mukaona timibulu kapena kamzere pansi pa botolo, madziwo ndi amenewo. Mukaona tifumbi tofiirira, ndi dzimbiri la m'thanki. Kenako tsegulani kampopi sikuluu ili chimasulire. Mafuta azituluka mosadukiza. Akayamba bwino n'kumachepa, tsegulani chivindikiro cha thanki. Akayambanso kuthamanga, kabowo kolowetsa mpweya pachivindikiropo katsekeka, ndipo kabureta ilibe mlandu.

Madziwa amachokera kuti? Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, ntchito imene inayambira ku Dwangwa mu 1982. Ethanol sawononga injini payekha, koma amakoka chinyezi. Ndiye onjezerani mafuta a m'zigubu amene a kabaza amadalira mafuta akasowa pamafilingi siteshoni. Chigubu dzulo munali madzi kapena palafini, lero muli petulo, fanulo yake ndi botolo lodula limene lakhala pafumbi tsiku lonse. Sindikuweruza munthu, banja liyenera kudya. Koma ogula mafuta otere aziwasefa ndi kansalu koyera, ndipo kusefako sikuchotsa madzi. Kuyenda ndi thanki yokhala pa reserve (mafuta otsalira pansi) masiku onse nakonso n'kudziputira mavuto, chifukwa reserve imayamwa pansi penipeni pomwe zinyalala zimadikha.

Chinanso chimene chimandinyansa ndi kupotokola masikuluu mwachimbulimbuli. Sikuluu ya mixture imalamulira kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya injini ikamalira payokha ndi pamoto wochepa. Singakonze kutsamwa kwa pachitunda, ngakhale mutaipotokola mpaka dzuwa kulowa.

Mvetserani pomwe ikutsamwira

Ikamazima poima kapena pongonyamuka, ndi pilot jet, jeti yaing'ono ya moto wochepa. Pakati pa kota ndi makota atatu a moto, ndi singano. Kuyambira apo mpaka moto wonse, ndi main jet, jeti yaikulu, kapena mafuta sakufika okwanira m'kambale. Zanuzi zikuloza pomalizapa.

Tsukani thanki kaye, pamodzi ndi kasefa ka m'kampopi, muikenso fyuluta yaing'ono papaipi yopita ku kabureta. Mukatero chotsani kambale, masulani majeti onse awiri ndi sikuludiraiva yokwana bwino, chifukwa ndi a mkuwa, sachedwa kuphwanyika mutu. Poperani carb cleaner (mankhwala otsukira kabureta) ndi mpweya, muyang'anitse jeti kudzuwa: bowo lioneke lozungulira. Musalowetsemo singano yosokera kapena waya wa buleki. Bowo likakula, njinga izimwa mafuta ngati ilibe mwini. Float igwedezeni pakhutu, mukamva mafuta mkati mwake yabooka. Sikuluu ya mixture ngati anaisokoneza, imangeni pang'onopang'ono mpaka ifike, osaikakamiza, n'kuibweza kamodzi ndi theka. Injini ikatentha, ikani idling (kulira kwa injini njinga itaima) pafupifupi maulendo 1,400 pa mphindi.

Pulagi ikuuzani zotsala. Yofiirira, zili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma, mafuta achuluka: onani fyuluta ya mpweya, imene m'fumbi la m'chilimwe imatsekeka msanga, komanso ngati choki sinakakamire. Yoyera mbuu, mafuta achepa kapena mpweya ukulowera pamphira wolumikiza kabureta ndi injini, ndipo kuyendabe motero kumatenthetsa pisitoni. Pa njinga zambiri zotere mpata wa pulagi ukhale 0.6 mpaka 0.7 mm. Ngati imatsamwa kukagwa mvula kokha, kayikirani kapu ya pulagi.

Zonsezi zikakhala bwino koma ikuvutabe, makamaka ikatentha, pimitsani mavavu injini itazizira. Pa injini zambiri za mtundu wa Honda CG mpata wake ndi 0.08 mm, koma pa Boxer kapena TVS tsatirani zimene zalembedwa m'buku la njingayo.