Kodi a Chilembwe anagona kuti?

Funso: Ndimaphunzitsa Sitandade 7 ku Chitakale. Ana andifunsa kuti, poti malemu Bingu ali ku Ndata, ku Thyolo, nanga Abusa John Chilembwe anaikidwa kuti? Mphunzitsi, Mulanje

Yankho: Aphunzitsi, auzeni kuti ali kwanu komweko. Asilikali a atsamunda anawawombera pa 3 February 1915 akuthawira ku Mozambique, thupi n'kupita nalo ku boma la Mulanje. Anawaika mwachinsinsi, popanda mwala kapena mtanda, kuopa kuti anthu azikasonkhana pamandapo. Ine zimandiwawa kuti munthu amene nkhope yake ili pa K2,000 alibe chiliza pamanda pake. Sukulu ikakwanitsa, atengereni anawo ku mishoni ya PIM (Providence Industrial Mission), ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kumene anayambitsa mpingo mu 1900.