Guayusa si tiyi wamba

Achemwali, mwafunsa ngati guayusa ndi tiyi yemweyu wa ku Thyolo. Ayi, ndi mtengo wina, wa m'nkhalango ya Amazon ku Ecuador, makamaka m'chigawo cha Napo. Mabanja a Akichwa, mtundu wa anthu a kumeneko, amaudzala m'minda yawo yotchedwa chakra, pakati pa chinangwa, nthochi ndi koko. Sadalira njere, amangodula kanthambi n'kuzika m'nthaka.

Koma chimene chimandigwira mtima ndi kamwedwe kake. M'bandakucha, cha m'ma 3 kapena 4 koloko, amayi amawiritsa masambawo mumphika, banja lonse litazungulira moto. Akumwa m'zikho, aliyense amafotokoza zomwe walota, agogo n'kumamasulira ndi kulangiza ana, kenako ndiye kumunda kapena kosaka. Mukawapeza masambawa musamwe madzulo, ali ndi kafeini wambiri, tulo simutiona.