Lamba wa taimingi waduka pa Hilux ya 3L: ndikonze kapena ndigule injini ina?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Ulónguè amene amanyamula kachewere kupita naye ku Tete pa Hilux yakale ya dizilo, ya injini ya 3L. Akuti atangodutsa pa Mussacama galimoto inalira kuti khwa, n'kuzima. Analiza sitata kanayi, osadzuka. Makaniko atatsegula chivundikiro anapeza lamba wa taimingi, uja ambiri kuno timati koreya, ataduka. Makaniko mmodzi akuti angoika lamba watsopano, wina akuti injini yatha, akagule ina. Funso lawo n'lakuti amvere uti.

Bambo, musamvere aliyense mwa awiriwa hedi, gawo la pamwamba la injini lokhala ndi mavalavu, isanatsike. Ndipo kiyi ameneyo muikeni m'thumba, sitata isalirenso.

Lamba ameneyu ndi amene amayendetsa kamushafuti (kamu), chitsulo chokankha mavalavu, kuti mavalavu olowetsa mpweya ndi otulutsa utsi azitseguka pa nthawi yake: kirankishafuti (kiranki), imene mapisitoni amazungulitsa, ikazungulira kawiri, kamushafuti imazungulira kamodzi. Pa 3L amayendetsanso pampu ya dizilo. Akaduka, mavalavu ena amaima ali otseguka koma mapisitoni akukwerabe. Pa injini zina za petulo, monga 5A-FE ya mu Corolla zakale, pisitoni sifika pa valavu, ndiye mumangosintha lamba n'kumapita. Dizilo ndi nkhani ina. 3L imapanikiza mpweya pafupifupi ka 22, ndipo kampata ka pakati pa pisitoni ndi hedi n'kakang'ono zedi. Phokoso munamva lija linali chitsulo kumenya chitsulo, ndipo nthawi zinayi munaliza sitata zija zinamenyananso. Sindikukudzudzulani, aliyense galimoto ikamuzimira pamsewu dzanja limathamangira pa kiyi.

Ndiye amene akuti angoika lambayo akukuikani pangozi. Valavu yopindika pang'ono imatha kulola injini kulira, inu n'kusangalala, kenako mutu wake n'kuthyokera m'silinda muli pa mtunda wa ku Zóbuè ndi matumba kumbuyo. Apo ndiye injini imatheratu.

Hedi ikatsika, khalani pomwepo muone ndi maso anu. Yambani ndi kamushafuti ndi zipewa zoigwirira, chifukwa pa injini zimenezi kamu imakankha valavu mwachindunji, ndipo nkhonya ya pisitoni imatha kuithyola kapena kung'amba zipewazo. Kenako aigoneke hedi cham'mbali, athire parafini m'mabowo olowera mpweya ndi otulukira utsi. Valavu yabwino imakhala youma. Yopindika mudzaona parafini akuchucha m'mphepete mwake ngati misozi. Mavalavu alipo 8 okha. Ine ndimati ngati angapo apindika, sinthani onse pamodzi ndi timasilu tawo, ndipo magaidi awo, timipope timene mavalavu amayendamo, awaone ngati sanang'ambike. Hediyo aitsuke bwino, ayang'ane ming'alu pakati pa mavalavu, chifukwa galimoto yoyenda m'dzuwa la ku Tete, kumene mu October ndi November kumapitirira madigiri 40, kawirikawiri inawirapo kale.

Chimene ambiri amadumpha, ndipo ndi chimene chidzakuuzeni zoona, ndi mapisitoni. Kachipsera ka valavu pamwamba pa pisitoni si vuto. Koma azungulitse injini ndi dzanja, pisitoni iliyonse ifike pamwamba penipeni, ayeze ndi geji kuti yatumphuka bwanji pa buloko. Zonse zinayi zikhale pafupifupi chimodzimodzi. Imodzi ikatsalira m'munsi, konirodi yake, chitsulo chimene chimailumikiza ku kirankishafuti, yapindika. Apo pokha ndi pamene mungakhale pansi n'kuwerengera mameticais: mtengo wotsegula pansi ponse poyerekeza ndi wa injini ina. Ngati mapisitoni ali bwino, konzani yanuyo. Mukuidziwa mmene imadyera oilo ndi mmene imakokera. Ya pa shelefu simudziwa kuti inayenda makilomita angati, ndipo nayonso mudzayenera kuigulira lamba musanaiike.

Pomanga, gasiketi ya hedi ili ndi makulidwe angapo, ndipo imasankhidwa potengera muyeso wa mapisitoni uja. Mabawuti amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu, kuyambira pakati kupita kunja, osati ndi mpope wautali ndi mphamvu za mnyamata wa pa galaja. Mpata wa mavalavu injini ili yozizira ndi 0.20 mpaka 0.30 mm olowetsa mpweya, 0.40 mpaka 0.50 mm otulutsa utsi, ndipo umakonzedwa ndi mashimu, tizitsulo topyapyala ta makulidwe osiyanasiyana.

Funsaninso chimene chinadula lambayo. Toyota inaika kuti pa injini iyi asinthidwe pa makilomita 100,000, ndipo pa dashibodi pali nyali ya T-BELT yokumbutsa. Chimandipweteka n'chakuti nyaliyo imazimitsika popanda kusintha kalikonse, ndipo ogulitsa ena amatero. Nthawi zina wolakwa si lamba: ndi beringi youma ya tenshonala, kapule kokungitsa lamba, kapena oilo wodontha pa silu ya kutsogolo amene amafewetsa mphira mpaka mano kusosoka. Gulani lamba, tenshonala, kapule kena kamene lamba amadutsapo ndi masilu nthawi imodzi, ndipo lambayo akhale weniweni ngakhale atakwera mtengo.

Akamaliza kulunzanitsa zizindikiro zitatu, za kiranki, kamu ndi pampu, azungulitse injini ndi sipanala kawiri kathunthu. Ikagwira penapake, asakakamize, abwerere pa zizindikiro. Ikazungulira bwinobwino, ndiye tulutsani kiyi uja, ndipo lembani makilomita a tsikulo ndi penti pa chivundikiro cha lamba.