Kodi kulimba mtima n'kokwanira kuti munthu atsogolere asilikali?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa kuno ku Salima, amene akuti akaona asilikali a ku MAFCO, sukulu yophunzitsa asilikali, akuthamanga m'mamawa, mtima wake umalakalaka ntchito imeneyi. Funso lake n'lakuti, kodi n'chiyani chimene chimachititsa mtsogoleri wa asilikali kukhala wopambana, ngati si kulimba mtima basi?

Achimwene, zikomo chifukwa cha funso lanu. Kulimba mtima n'kofunika ndithu, koma kumafunika kwa aliyense wovala yunifolomu, kuyambira msilikali amene walembedwa dzulo. Chimene chimasiyanitsa mtsogoleri n'chakuti iye wasenza miyoyo ya ana a eni ake, ndipo ine ndimamuyeza poona mmene amasamalira miyoyo imeneyo.

Ndiyambe ndi William Slim, mkulu wa asilikali a Britain amene anapatsidwa gulu lankhondo la 14 mu 1943, pa nkhondo yolimbana ndi Japan ku Burma. Nkhani yake imatikhudza, pakuti agogo athu a m'gulu la King's African Rifles anakamenya nkhondo kumeneko mu 1944 pansi pa ulamuliro wake. Slim anaona kuti mdani amene ankamutsitsira anthu kwambiri sanali zipolopolo, koma malungo ndi kamwazi, moti pa msilikali mmodzi wovulala, oposa 100 ankachotsedwa kunkhondo chifukwa cha matenda. Iye sanaitenge nkhaniyi ngati ya madokotala okha. Analamula kuti msilikali aliyense azimwa mankhwala a malungo otchedwa mepacrine tsiku lililonse, ankatumiza anthu kukayeza magulu mwadzidzidzi, ndipo mkulu wa gulu limene lapezeka kuti silikumwa ankachotsedwa paudindo. Ife a m'mbali mwa nyanja, amene timadziwa mmene malungo amagwetsera mwamuna wamphamvu m'masiku awiri okha, sitifunika kuuzidwa kawiri kuti nzeru imeneyi inali yakuya. Anakonzanso zoti chakudya ndi zida ziziponyedwa pa ndege kwa asilikali ozingidwa m'nkhalango, kuti asathawe chifukwa cha njala. Pamene ankagonjetsa Japan ku Imphal ndi ku Kohima mu 1944, anali ndi asilikali amene ankakhulupirira kuti mkulu wawo sangawataye chisawawa, ndipo chikhulupiriro chotere sichibwera ndi kukuwa pa perete.

Khalidwe lina ndi kumva za ena ndiponso kusapeputsa mdani. Pa 22 January 1879, Lord Chelmsford, mkulu wa asilikali a Britain, anagawa gulu lake pawiri n'kusiya msasa wa ku Isandlwana, ku South Africa, wopanda linga, poganiza kuti Azulu a mikondo ndi zishango sangalimbane ndi mfuti. Ntshingwayo, mtsogoleri wa ankhondo a Azulu, anabwera ndi ankhondo pafupifupi 20,000, ndipo anthu oposa 1,300 a mbali ya Britain anaphedwa tsiku limenelo. Maburu odziwa dzikolo anali atamuchenjeza kale kuti azitchinga msasa ndi ngolo, koma safunsa anadya phula.

Komabe khalidwe limene ndimaliika patsogolo pa onse, makamaka kuno ku Africa kumene maboma ambiri agwetsedwa ndi asilikali awo omwe, ndi kudziwa malire a mphamvu zako. Munthu amene magulu onse a mfuti amamvera mawu ake amakhala pa mayesero aakulu, chifukwa palibe angamuletse akafuna kutenga mpando umene sanasankhidwirepo. Kuti adziletse yekha pamafunika mtima wolimba kuposa umene umafunika pothamangira kumene kukulira zipolopolo, ndipo apa ndi pamene ndikuvomerezana nanu kuti kulimba mtima kuli ndi malo ake, ngakhale kuti si kwa mtundu umene mumaganiza.

Mwina inu munali mwana pamene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 April 2012. Kwa masiku awiri dziko linali pa mpungwepungwe, anthu osadziwa ngati malamulo oyendetsera dziko atsatidwa pa nkhani ya wolowa m'malo. Asilikali, motsogozedwa ndi General Henry Odillo, sanalande boma ndipo sanalole kuti malamulowo apondedwe, koma anateteza wachiwiri kwa pulezidenti, Mayi Joyce Banda, mpaka analumbiritsidwa pa 7 April. Ndimakumbukira mmene tinaunjikirana pa wailesi ku Kamuzu Road madzulo a tsiku limenelo, ena atayamba kale kutseka mashopu chifukwa cha mantha, ndipo mwambo wonse unatha popanda mfuti ngakhale imodzi kulira.